Udzu Wopanda Mizu

A Osbert Quammie ankalidziwa dothi kuposa mmene ankawadziwira anthu, ndipo anthuwo sankadandaula nazo, poti nawonso sankawasowa pa macheza. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wouma pakamwa. Ukalowa pa bwalo la kiriketi la Bellewood dzuwa likungotuluka, unkawapeza atagwada pakati penipeni, chikhatho chili pansi, ngati mayi amene akumva kutentha kwa mwana wodwala. Ukapereka moni, ankayankha ndi chibwano basi.

Pa bwalopo anafikapo ali mnyamata, atatopa ndi kusenza mikoko ya nthochi kupita nayo kudoko. Masiku amenewo chigudumu chopsinjira dothi chinkakokedwa ndi anthu, choncho aliyense wa msana wolimba ntchito ankaipeza. Anakoka chigudumucho zaka zambirimbiri asanaloledwe kugwira paipi ya madzi, ndipo paipiyo anaigwira zaka zinanso asanaloledwe kutsegula pakamwa pa nkhani ya pichi. Kwa munthu wodutsa, pichi ndi kamzere chabe ka dongo louma pakati pa bwalo, pamene mpira umadunda usanafike kwa womenya. Kwa a Quammie inali nkhani yokhayo imene ankatha kuikamba mpaka kumapeto.

Dongo lake ankalitenga kuphiri la kumpoto, lakuda bii, lomata m'zala. Unkalithirira, kulipsinja, kulisiya padzuwa, kenako kulithiriranso. Koma chimene chimagwira pichi kuti isasweke si chigudumu ayi, ndi mizu ya udzu imene imaluka dongolo kunsi kwake. Udzu ukhoza kuumeta pamwamba, bola mizu ikhale ndi moyo. N'chifukwa chake pa Bellewood panali mapichi asanu ogundizana. Imodzi ikamagwira ntchito, enawo ankapuma, ndipo woyerekeza kuponda pa pichi yopuma ankamva mawu a bambo Quammie, mawu amene anthu ena anali asanawamvepo chibadwire.

Zonsezi ankachitira Tesiti. Masewero a masiku asanu aja, a zovala zoyera ndi mpira wofiira, pa chilumba chathu ankabwera mwa apo ndi apo, koma akabwera aphunzitsi ankadwala onse tsiku limodzi, ndipo ana asukulu othawa m'kalasi ankawapeza odwalawo atakhala pa mzere wakutsogolo. Timu ya zilumba zonse inkatsika m'basi, anthu amene tinkangowamva pa wailesi, ndipo kaputeni ankayamba wapita kwa a Quammie kukafunsa kuti pichi yagona bwanji. Iwo ankayankha mawu awiri kapena atatu, mawa lake mawuwo n'kutuluka m'nyuzipepala. Ankanyadira kuti pichi yawo sinkakondera. Tsiku loyamba inkathandiza oponya mwaliwiro, pakati inkafewera omenya, pomaliza inkang'ambika n'kupatsa mwayi oponya mozungulitsa, moti aliyense ankapezapo tsiku lake.

Mkazi wawo, mayi Verlyn, anawapeza pa geti la bwalo lomwelo akugulitsa nsomba zokazinga ndi nthochi zophika. Anthu amati kwa nthawi yaitali a Quammie ankangogula nsomba osanena kanthu, mpaka mayiwo anatopa n'kuwafunsa okha ngati pali chinanso chimene akufuna. Anabereka mwana mmodzi yekha, Renwick, amene anakwawira pa udzu wa Bellewood ndipo masana ankagona pansi pa matenti ofunditsira pichi.

Renwick anakula n'kukhala womenya woyamba, uja amalowa mpira ukadali watsopano, oponya asanatope. Kamenyedwe kake kanali kogonetsa tulo, tinene zoona. Ankatha kuima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kumangotchinga, kumangousiya mpira udutse, mpaka oponya kuyamba kutukwana. Pa masewero a pakati pa zilumba ankachita bwino chaka ndi chaka, koma pakhomo la timu yaikulu panali podzaza ndi akatswiri. Anafika zaka makumi atatu ndi zitatu akugwira ntchito yozimitsa moto, ndipo tonse tinali titavomereza kuti chipewa chofiirira cha Tesiti sadzachivala. Amene anali asanavomereze anali bambo ake okha, ngakhale sankanena.

Kenako kunabwera ligi.

Eni ake anali anthu akutali, a makampani a foni ndi a simenti, oti chilumba chathu ankangochionera pa windo la ndege. Anagula dzina la tauni yathu n'kulimata pa malaya apinki. Masewero awo ankatha madzulo amodzi, ndi mpira woyera, magetsi, zokuzira mawu, atsikana ovina ndi makombola. Womenya akauthibula mpira n'kuugwetsera kunja kwa mpanda, moto unkatuluka lawilawi m'mapaipi. Tisaname, tinapita tonse, tinavina, ndipo mayi Verlyn nsomba zinkawathera masewero asanafike pakati. Amene lero amati ligi anaida kuyambira pachiyambi ndi abodza, tinkawaona ali ndi mbendera m'manja. Ngakhale ana a mumsewu anasiya kuphunzira kutchinga, aliyense ankangofuna kuswa windo la mnansi.

Woyang'anira ligiyo pa bwalo lathu anali mnyamata wina dzina lake Devonish, wa mafoni awiri ndi nsapato zosadziwa matope. Tsiku loyamba lomwelo anaima m'mphepete mwa pichi n'kuloza ndi foni.

"Madala, udzu uwu uchoke wonse."

"Wonse?"

"Mpala. Anthu salipira kuti adzaone kapinga. Akufuna mpira uzikagwera m'nyanja."

"Mukameta mpala chilimwe chino, mizu ifa," anatero a Quammie.

"Ikafa mudzadzala wina. Udzu ndi udzu, madala. Mbuzi zimadya tsiku ndi tsiku, munamvapo kuti watha?"

"Nanga yopuma ikhala iti?"

Devonish anaseka n'kuwasisita paphewa. "Kupuma mudzapuma ndinu, ife tikapita."

Anameta. Akanatani? Bwalo linali litabwerekedwa, ndipo akuluakulu a bungwe la kiriketi anali pa mipando yakutsogolo atavala malaya apinki omwewo. Kwa mwezi ndi kanthu anasewerapo pafupifupi tsiku lililonse, mapichi onse asanu, mvula osagwa ngakhale dontho. Renwick sanatengedwe m'timu iliyonse ya ligi. Devonish ananena poyera kuti munthu womenya ngati akuopa kudzutsa khanda alibe naye ntchito.

Ligi itangotha, kunamveka nkhani ziwiri sabata imodzi. Yoyamba inali yoti Bellewood yapatsidwa Tesiti, patapita zaka zambiri, ndipo alendo ochokera kutsidya kwa nyanja afika posachedwa. Yachiwiri inali yoti akatswiri athu sadzakhalapo. Anali atakwera kale ndege kupita ku ligi ina ya kumayiko a m'chipululu, ndipo aliyense anatumiza uthenga waulemu woti thupi lake likufuna kupuma ku masewero aatali. Thupi lomwelo tinkaliona pa kanema likudumphadumpha kuchipululuko. Bungwe linangotola otsala.

Mayina anawawerenga pa wailesi Lachisanu masana, a Quammie ali pa shopu ya mowa wa ramu akusewera madomino ndi Boysie, mlonda wa pageti la bwalo, amene anali mnzawo yekhayo chifukwa ankalankhulira onse awiri. Dzina loyamba linali la Renwick Quammie.

Boysie anamenyetsa domino patebulo mpaka mabotolo anadumpha. "Ozzie! Wamva? Mwana wako uja! Anthu inu, tiyeni tikagule mapilo, tikagone bwino pa bwalo masiku asanu!"

"Khala chete ndimve enawo."

"Enawo a chiyani? Enawo ngakhale amayi awo sakuwadziwa! Mwini shopu, thira kuno, mdala uyu akulira."

"Ndi utsi," anatero a Quammie, m'shopu mopanda wosuta.

Kunyumba anapeza mayi Verlyn atakhala pa sitepe, ataphimba nkhope ndi epuloni, anansi atawazungulira. Renwick anafika madzulo pa galimoto yozimitsira moto, anzake akuliza sailini msewu wonse. Anakumbatira amayi ake, kenako anaima pamaso pa bambo ake, munthu wamkulu wandevu, osadziwa poika manja.

"Adadi, pa pichi yanu," anatero. "Yoyamba, ndiye pa pichi yanu."

A Quammie anangogwedeza mutu. Chimwemwe anali nacho, koma analinso ndi mantha aakulu, chifukwa pichiyo iwo anali ataiona m'mawa.

Mapichi onse asanu anali atafa. Anasankha yapakati, imene inkaoneka yabwinoko, n'kuyamba kuithirira m'mawa ndi madzulo, koma madzi ankangolowa m'ming'alu n'kusowa. Dongo linali litagawikagawika m'zigamba zazikulu ngati mbale, ndipo ukaponda m'mphepete mwa chigamba, mbali inayo inkadzuka. Ming'alu payokha si yoopsa, pichi iliyonse ya Tesiti imang'ambika ikamapita kumapeto. Choopsa ndi chigamba chogwedera. Mpira wolimba uja, woponyedwa ndi munthu waliwiro, ukagwa pa chigamba chotere palibe angadziwe kumene ulowere. Wina umakwawa pansi, wina umadzuka kulunjika kumaso. Kumbali ya kunyanja, pamalo penipeni pamene oponya amakonda kugwetsa mpira, zigamba zake zinali zoterozo.

Mankhwala ake ankawadziwa: kukumba, kuika dongo latsopano, kudzala udzu, n'kudikira mvula. Imeneyo ndi ntchito ya miyezi, ndipo alendo anali kale m'njira.

Boysie, amene makutu ake ankalowa mu ofesi iliyonse ngakhale chitseko chitatsekedwa, anabwera nayo nkhani Loweruka.

"Lachiwiri kukubwera mzungu woyendera pichi. Akaikana, Tesiti isamukira ku chilumba chachikulu, ndipo aikankhira kutsogolo kuti akonzekere."

"Kutsogolo mpaka liti?"

"Mpaka a kuchipululu aja atabwerako ndi masutikesi awo. Ndiye wadziwa kale. Mwana wako abwerera kokazimitsa moto, chipewa asanachigwire n'komwe." Boysie anayang'ana pichi, n'kuyang'ana mnzakeyo. "Koma ili bwino, eti?"

"Chotsa phazi lako pamenepo."

"Ozzie, ndakufunsa."

"Ndati chotsa phazi."

Akanatha kukwera ku ofesi ya bungwe tsiku lomwelo n'kunena kuti pichi iyi ivulaza munthu. Palibe akanawatsutsa, poti pa za dothi la Bellewood mawu awo anali omaliza. Anafikadi mpaka pa masitepe a ofesiyo, chipewa chili m'manja. M'katimo munkamveka anthu akuseka, akukambirana za mipando ya alendo olemekezeka. A Quammie anaima pamenepo n'kumaona m'maganizo Renwick ataima pamaso pawo madzulo aja, osadziwa poika manja, ndipo ankadziwa kuti pa msinkhu wake mwayi wotere sudzabweranso. Anavala chipewa chawo n'kubwerera.

Lamlungu m'mawa, mabelu a tchalitchi akulira, anauza mayi Verlyn kuti msana wawavuta. Mayiwo atangokhota pakona, iwo anatsikira ku bwalo. Njira imene anatsata anaiona kamodzi kokha ali mnyamata, kwa mkulu amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo mkuluyo anawauza kuti akuwaonetsa n'cholinga choti adzaizindikire ena akaichita, osati iwo adzaichite. Anameta udzu wa kunja, kumene osewera amathamangira, n'kudzaza matumba. Anakanda dongo ndi madzi m'wilibala mpaka linakhala phala. Phalalo analithira m'ming'alu, kulisesera ndi tsache lolimba, kenako anawaza udzu wometa uja pamwamba dongo likadali lonyowa, n'kuyendetsapo chigudumu uku ndi uku, mpaka udzuwo unamatirira ngati unamera pomwepo. Pamene anthu ankatuluka m'tchalitchi, pichi ya Bellewood inali yobiriwira, yosalala, yokongola kuposa iliyonse imene anakonzapo moona mtima. Zigamba zija zinali pansi pake, zikugwederabe.

Pa chakudya chamasana mayi Verlyn anawayang'ana m'zala.

"Msana wachira?"

"Wachirako."

"Msana wodabwitsa, wobiriwitsa zikhadabo." Anawaikira nsomba m'mbale. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanafunsepo za dothi, koma tsiku limenelo anafunsa. "Osbert, pichi ija ili bwanji?"

"Ili bwino."

"Mundiyang'ane ponena."

"Ndati ili bwino, Verlyn. Kodi ine za nsomba zanu ndimakufunsani?"

Mayiwo anakankhira mbale yawo pambali.

Woyendera pichi anafika Lachiwiri, mzungu wamtali waimvi, wotopa ndi ndege. Anayenda pamwamba pake, anagogoda ndi chala, anayesa kulowetsa kiyi wa galimoto, kiyiyo n'kukana. A Quammie anaima potero manja ali kumbuyo. Ankaopa kuti mzunguyo awerama n'kuzula kaudzu kamodzi, komanso mumtima momwemo ankalakalaka atatero, kuti nkhaniyi iwachoke m'manja. Sanazule. Anawagwira chanza n'kunena kuti pambuyo pa ligi yonse ija, zimene achita ndi zozizwitsa.

Alendo nawonso anabwera kudzaiona. Nawo anali ndi timu ya otsala, poti ligi ya kuchipululu sinkasankha dziko. Pakati pawo panali Callum Hartnoll, mnyamata wa nkhope yamwana, amenenso ankayembekeza Tesiti yake yoyamba ngati womenya woyamba. Ndi yekhayo amene anavula nsapato asanayandikire pichi, ndipo anafunsa a Quammie mwaulemu ngati angaloledwe kuigwira. Makolo ake anali atabwera naye ulendo wonsewo. Ankakhala pa geti atapsa ndi dzuwa, akudya nsomba za mayi Verlyn ndi zala, n'kumafunsa dzina la chilichonse.

Litatsala tsiku limodzi, Renwick anadzera pa bwalo chakumadzulo. Anaima kunja kwa chingwe chotchinga pichi, monga anaphunzitsidwira ali mwana.

"Adadi, apa mwachita matsenga. Sabata yatha inali ngati msewu wa kumapiri."

"Madzi."

"Madzi okha?"

"Madzi ndi chigudumu. Ukufuna chiyaninso?"

Renwick anaseka. "Musakwiye. Ine ndikungofuna ndiimepo mpaka anthu atayamba kuyasamula. Boysie akuti pilo wagula kale."

Apa ndiye panali poti anene. Mawu anafika mpaka pamilomo. Koma anadziuza kuti phala lija ligwira masiku awiri, mwina atatu, ndipo pofika pamenepo Renwick adzakhala atamenya kale. Ankadziuza zimenezi mphepo ya kunyanja ikuwapemerera pakhosi, mphepo youma imene sinaleke kuyambira Lamlungu, ndipo ankadziwa bwino lomwe zimene mphepo yotero imachita ndi dongo lopyapyala.

"Pita ukapume," anatero.

Tsiku la Tesiti bwalo silinadzaze ngati nthawi ya ligi, koma amene anabwera anali a kiriketi enieni, nkhalamba za mawailesi m'manja ndi amayi a maambulera. Renwick anavekedwa chipewa chofiirira pamaso pa anzake, ndipo mayi Verlyn anasiya nsomba pamoto n'kuthamangira kumpanda. Makaputeni awiri anapita pakati kukaponya ndalama, kuti wopambana asankhe oyamba kumenya. A Quammie anaima pafupi ndi chigudumu. Ndalama inagwera ife. Kaputeni wathu anayang'ana udzu wobiriwirawo, umene woponya aliyense amaukonda, anamwetulira, n'kunena kuti alendo ayambe kumenya.

Bambo Quammie anakhala pa chigudumu. Anamva chimwemwe, ndipo ankadziwa kuti ndi chimwemwe chonyansa. Oyamba kuima pa zigamba zija akhala ana a eni.

Mwambo wa kiriketi ndi woti watsopano m'timu ndiye amaikidwa pamalo oopsa, pambali penipeni pa womenya, atawerama, kudikira mpira wogunda thabwa lomenyera n'kudumpha. Choncho Renwick anavala chisoti cholimba n'kukawerama pafupi ndi Callum Hartnoll, pafupi moti akanatha kumugwira malaya.

Mipira yoyamba inayenda bwino, ndipo a Quammie anayamba kupuma. Kenako osewera anatembenuka, womenya n'kuima kumbali ya kunyanja. Woponya wathu anali mnyamata wamtali wa ku chilumba cha kumwera, wopanda nzeru zambiri koma waliwiro loopsa. Mpira wake woyamba unakwawa pansi ngati khoswe. Wachiwiri, wogwa pamalo omwewo, unadzuka n'kudutsa pamwamba pa mutu wa wogwira mpira kumbuyo kwa womenya. Anthu anakuwa, malipenga a zigoba za nkhono analira, wina anafuula kuti masiku akale abwerera. Pamene mpira unagwa panatsala kabala kakuda, ndipo timaudzu tinauluka ndi mphepo.

Mnzake wa Callum, amene analowa naye limodzi kukamenya, mpira unamumenya pa zala, dokotala wa timu n'kuthamangira m'bwalo. Unamumenyanso m'nthiti, dokotala n'kubweranso. Atachoka uyo dzanja likulendewera, wolowa m'malo mwake unamupeza pa chigongono. Malipenga anayamba kuchepa. Nkhalamba za mawailesi zija zinasiya kukuwa, zinkangoyang'anana, ndipo zina zinayamba kutembenukira kumene kunali chigudumu. Oyimbira masewero awiri anakumana pakati, analoza pansi, anakambirana, n'kubwerera m'malo mwawo. A Quammie akanatha kudzuka nthawi imeneyo n'kulowa m'bwalo manja ali m'mwamba. Anakhalabe, chifukwa Renwick anali asanamenye.

Callum anapirira nthawi yonseyo, thupi lonse mikwingwirima, osadandaula. Mpira umene unamupeza unali wabwinobwino, wogwa patsogolo, wa mtundu umene mphunzitsi aliyense amati uutsamire mutu uli pamwamba pake. Anautsamira monga anaphunzitsidwira. Unagwa m'mphepete mwa chigamba, n'kudzuka, n'kulowa pa mpata wa pakati pa chisoti ndi zitsulo zotchinga nkhope. Phokoso lake linamveka mpaka ku geti. Mnyamatayo anagwa chammbali, ndipo woyamba kumufikira anali Renwick, amene anamuika mutu pamiyendo n'kumakuwa kuti abwere ndi machira.

Masewero anathera pomwepo, nthawi ya chakudya chamasana isanakwane. Zokuzira mawu zinalengeza kuti pichi ndi yoopsa ndipo Tesiti yathetsedwa. Anthu ena anaponya mabotolo, ambiri anangonyamuka mwakachetechete. Amayi ake a Callum anadutsa pa geti akuthamangira ambulansi, nsapato imodzi ili m'manja, ndipo mayi Verlyn anathira madzi pa moto wawo nsomba zikadali m'chiwaya.

Dzuwa litapendeka, akuluakulu ndi atolankhani atamaliza kujambula n'kupita, a Quammie anatsala okha pa pichi. Renwick anatuluka m'chipinda chovalira asanasinthe, buluku loyera lili ndi magazi kuyambira pantchafu mpaka pabondo. Anadumpha chingwe, anayenda mpaka kumbali ya kunyanja, anagwada, n'kutsina udzu ndi zala ziwiri. Unazuka osakana. Anatsina pena, n'kutsinanso pena. Anautembenuza pachikhatho kufunafuna mizu, poti mwana wokulira pa bwalo amadziwa poyang'ana. Kenako anaika chikhatho m'mphepete mwa chigamba n'kukanikiza, mbali inayo n'kudzuka.

"Munachita liti?"

"Lamlungu."

"Amayi ali kutchalitchi."

"Eya."

"Chifukwa cha ine."

Renwick anaimirira.

"Ndamva fupa likusweka, Adadi. Ndinali apa. Anandigwira dzanja, akundifunsa ngati watuluka kapena akadali m'masewero." Analoza pa chigamba chija. "Ndalama ija ikanagwera alendo, pa udzu wotere akanati timenye ndife. Woyamba kuima apa akanakhala ndani?"

"Iwe."

"Ndipo munkadziwa."

"Ndimayesa ligwira masiku awiri."

"Sindikufunsa zimene mumayesa. Ndikufunsa ngati munkadziwa."

Bodza linali pafupi, ndipo mwina mwanayo akanalilandira ndi manja awiri. Koma a Quammie anali atatopa nalo.

"Ndinkadziwa," anatero.

Renwick anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anapukuta chikhatho pa buluku, n'kunyamuka kupita kuchipatala.

Callum Hartnoll anakhala moyo, koma diso lakumanzere linatha, ndipo kiriketi sanasewerenso. Bungwe linakhazikitsa komiti, ndipo komitiyo, itamwa tiyi wokwanira, inapeza kuti wolakwa ndi chilala. Renwick sanauze munthu, ndipo Boysie, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, nkhani anaisunga m'mimba. Bellewood anaichotsa pa mabwalo a Tesiti. Akatswiri anabwerako kuchipululu n'kutenga malo awo, ndipo m'mbiri ya kiriketi munalembedwa kuti R. Quammie anasewera Tesiti imodzi, osamenya mpira ngakhale umodzi. A Quammie anakumba mapichi onse asanu, anaika dongo latsopano, anadzala udzu. Chaka chotsatira ligi inabweranso, ndipo atauzidwa kuti aumete mpala, anaumeta osanena kanthu. Ifenso tinapita, tinavina.

Renwick sanasiye kubwera kunyumba. Lamlungu lililonse amabwera ndi mkazi wake kudzadya kwa amayi ake, mpope ukawonongeka amakonza, denga likadontha amakwera. Sanakalipepo, ndipo za tsiku lija sanazitchulenso. Koma Lamlungu loyamba pambuyo pa Tesiti ija, atakwera masitepe n'kupeza bambo ake atakhala pakhonde, anaima, anavula chipewa monga amachitira munthu waulemu pakhomo pa eni, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, a Quammie?"

Mayi Verlyn anali pakhomo, mbale ili m'manja. Anayang'ana mwana wawo, kenako amuna awo. Mpaka lero ndi mmene Renwick amawatchulira bambo ake.